Chala cha Mfumu ndi Dambo la Chinyontho

Kuseri kwa mapiri amene sapezeka pamapu kuli maufumu awiri oyandikana, wina Ombammanja, wina Nafenso. Pakati pawo pagona dambo la Chinyontho, lomwe siliuma ngakhale mu Okutobala, nkhuku zikamayenda kukamwa kuli yasa. Makolo a mbali ziwirizi analimbirana damboli ndi mikondo mpaka akazi amasiye anachuluka kuposa makasu. Atatopa anapangana kuti nkhondo izichitikira pathabwa. Chaka ndi chaka, mvula ikasiya, mafumu awiriwo azisewera tchesi kamodzi, ndipo amene wapambana, anthu ake ndiwo azilima madimba a m'Chinyontho mpaka chaka chinacho.

Panganolo linali ndi mfundo zitatu zokha, poti analilemba anthu otopa. Yoyamba inkati wosewera ndi mfumu, koma ikhoza kubwereka dzanja la munthu wina. Yachiwiri inkati belu likalira, chidole chimene mfumu kapena dzanja lobwerekalo lakhudza, chimenecho ndicho chiyende. Yachitatu inkati wofuna kungowongola chidole chokhota ayambe wanena kuti "pepani".

Dzanja la Ombammanja linali Filesi Nankhoma, mayi wofesa mbande za tomato kumudzi wa kumphepete kwa dambo. Tchesi anaphunzira kwa malume ake, mmisiri wa matabwa amene ankasema zidolezo, ndipo ankasewera monga momwe ankapalirira, mwakachetechete, osasiya udzu m'mbuyo. Maufumu awiriwa ankasinthana mitundu, chaka china zoyera, chaka china zakuda. Nankhoma akagwira zoyera, dambo linkabwera kwawo kasanu pa kasanu ndi kamodzi. Koma chaka chathachi anagwira zakuda n'kugonja, ndipo anthu a Ombammanja anatha chaka chonse akugula mpiru womera m'mabedi awo omwe. Ngati zimenezo sizinakwane, mvula inadula mu Febuluwale, chimanga n'kuuma chili ndi zisononkho zonga zala za khanda. Aliyense ankadziwa kuti akapanda kulowa m'dambo chaka chino, nkhokwe zidzagonamo nkhuku.

"Osadandaula, chaka chino ndife oyera," anthu ankalimbitsana mtima pachitsime. "ANankhoma alipo."

Anaiwala kuti chaka chomwecho mfumu yakale inamwalira, pampando n'kukhala mwana wake.

Mfumu yatsopanoyo inadzitcha Ndinewoyamba Wachitatu, ndipo palibe anafunsa kuti zimenezi zikugwirizana bwanji. Chilichonse chimene bambo ake anasiya chinkaiyabwa. Tsiku la msika inalichotsa Lachiwiri n'kuliika Lachitatu. Chitsime chimene anthu anamwapo zaka makumi atatu inachitsegulira mwamwambo, n'kudula riboni, amayi atadikira ndi ndowa zawo kuyambira m'mawa. Inalinso ndi kanthenda kena: sinkapirira kuona chinthu chokhota. Kaya ndi chithunzi pakhoma, chipewa cha wapolisi, tayi ya nduna ili pakati polankhula, mfumu inkangotambasula chala n'kuwongola osanena kanthu. Njala yokha ndiyo inkaoneka yowongoka m'maso mwake.

Kutatsala mwezi kuti masewero achitike, Nankhoma anaitanidwa ku likulu, ku Indebwana. Anafika ndi thabwa lake kukhwapa, nagwada pafupi ndi khomo la holo yodzaza nduna.

"Mayi iwe, ndamva kuti chaka chino zoyera ndi zathu," inatero mfumu.

"Ndi zathu, Mfumu."

"Ndiye kuti oyamba kusuntha ndife?"

"Ndife, Mfumu."

Mfumu inayang'ana nduna zake ngati kuti zimenezi yazikonza yokha, ndipo nduna zinaomba m'manja.

"Umayamba bwanji?"

"Ndimakankha msilikali wa patsogolo pa mfumu nyumba ziwiri za pathabwa. Zikatero mfumukazi ndi bishopu amapeza njira, pakati pa bwalo pamakhala pathu. Ndi mmene tinkasewerera nthawi ya malemu bambo anu."

Nduna Yaikulu, a Kavomere, bambo amene khosi lawo linazolowera kugwedezera mbali imodzi, anagwira kumutu ngati amva uthenga wa maliro.

"Kayambidwe ka malemu!" inatero mfumu. "Ufumu watsopano ukalowe pabwalo ndi kayambidwe ka malemu? Ndikufuna katsopano."

Nankhoma sanachite mantha ndi zimenezi, chifukwa munthu wolima amadziwa kuti mbewu imodzi siibwerezedwa pamunda mpaka kalekale.

"Kusintha si vuto, Mfumu. Mayambidwe abwino alipo angapo. Tikhoza kuyamba ndi msilikali wa mfumukazi, masewero aziyenda pang'onopang'ono ngati ngolo. Tikhozanso kutulutsa hatchi kaye, mdani asadziwe kumene tikulowera. Mundipatse masabata awiri ndikayeserere ndi anzanga pansi pa mtengo, ndidzakuuzani koyenera."

"Nkhani ya dziko siyesereredwa pansi pa mtengo, mayi," anatero a Kavomere. "Ikufunika komiti."

Komitiyo inali ya anthu makumi anayi, ndipo inakumana masabata atatu kunyumba ya alendo ya paphiri, komwe kumawomba kamphepo kothandiza kuganiza. Mwa onsewo, panalibe anakhalapo pathabwa la tchesi chibadwire. Nankhoma anamuika pampasa pakona, kuti azinyamula chidole chimene akukambirana, mabwana azichiona.

Anayamba ndi msilikali wa patsogolo pa mfumu. Nduna ya Chitetezo, a Chitsekerere, anaimirira mimba ili patsogolo.

"Zaka khumi ndi ziwiri mayiyu wakhala akuchotsa mlonda pakhomo pa mfumu, ife n'kumaomba m'manja! Kumayiko ena zimenezi amazitcha kuukira boma. Msilikali ameneyo asasunthe."

Atanyamula msilikali wa mfumukazi, anadzuka ndi mlamu wa mfumu, a Gontho, amene udindo wawo m'boma unali umlamu womwewo.

"Ndiye mwati mlonda mumuchotsere mlongo wanga? Atsale poyera, amuna a ku Nafenso azimuyang'ana? Ndikadali moyo ine, ayi."

Hatchi inatenga masiku anayi. Ena ankaikonda chifukwa cha maonekedwe. Koma atamva kuti imayenda molumpha mitu ya anzake, anagwirizana kuti chinyama chopanda mwambo choterocho sichingatsogolere dziko. Ana angaphunzirepo chiyani?

Mbuzi makumi atatu zinafa pa nkhaniyi, ndipo mwa onse amene analowa m'nyumba ija, ndizo zokha zinaperekapo kanthu.

Tsiku lomaliza anapeza asilikali awiri opanda wachibale kunyumba yachifumu. A Kavomere anawerenga chikalata mokweza. Poyamba, msilikali wa patsogolo pa bishopu, kumbali ya mfumu, ayende nyumba imodzi, kusonyeza kudekha kwa ufumu watsopano. Kachiwiri, mnzake woyandikana naye, wa patsogolo pa hatchi, ayende nyumba ziwiri, kusonyeza liwiro la chitukuko. Panatsatira kusuntha kwina makumi atatu ndi kasanu n'katatu, kolembedwa bwino ndi manambala, ndipo kumapeto kunali mawu amene mfumu idzalankhule itapambana. Chikalatacho anachitcha Masomphenya a Kayambidwe Katsopano.

Nankhoma anasuntha asilikali awiriwo pathabwa lake.

"Mabwana, ndilankhuleko pang'ono," anatero atagwada. "Taonani. Awiriwa akachoka, pamatseguka kanjira kopingasa, kuchokera m'mphepete umu mpaka pamene paima mfumu yathu. Wakuda angokankha msilikali mmodzi, kenako mfumukazi yake ibwere idzakhale apa m'mphepete. Mfumu yathu ilibe kothawira, woitchinga palibe. Masewero atha tisanasunthe kachitatu."

A Kavomere anakweza chikalata m'mwamba, onse aone kunenepa kwake.

"Muno muli kusuntha makumi anayi. Atha bwanji kachiwiri?"

"Nanga akudawo mwawalembera zotani, bwana?"

"Akuda aziyankha moyenera."

"Akapanda kuyankha moyenera?"

"Kumeneko kudzakhala kupanda ulemu kwawo, ndipo dziko lonse lidzaona."

"Lidzaona ndithu, bwana. Koma kulima adzalima ndi iwo."

A Chitsekerere anamuyandikira, nalankhula mofatsa monga amachitira anthu okhala ndi makiyi a ndende.

"Mayi, inu ndinu dzanja. Munaliona kuti dzanja lokhala ndi pakamwa? Werengani tsamba lomaliza. Dzanja losemphana ndi chikalatachi lidzalandidwa munda ndi nyumba, ndipo mwini wake adzaperekezedwa kumalire."

Pofika Lachitatu, Masomphenya anali atafika pamsika wa Pirirani. Galimoto ya chimkuzamawu inazungulira kasanu ikulengeza kusuntha konse makumi anayi, mokweza kotero kuti ng'ombe za kutsidya kwa dambo zinadzutsa mitu. Boma linagawanso zitenje zolembedwa kuti NYUMBA IMODZI, KENAKO ZIWIRI.

"Nsalu yake ndi yolimba," anatero Enelesi, mnansi wa Nankhoma, akuipima ndi zala. "Tidzavala pamaliro a dambo."

"Inu simukuyamika," anayankha bambo wina wogulitsa fodya wopota. "Kale tinkagonja mwadzidzidzi. Pano boma likutiuziratu sabata yathunthu."

"Chokhacho sanalengeze ndi kumene kunapita mitu ya mbuzi zija," anatero wina kuseri kwa matumba a makala, ndipo onse anayang'ana kumwamba ngati mawuwo agwa ndi mbalame.

Nankhoma anakhala pambali ndi mbande zake zimene palibe ankagula. Munthu angagule mbande alibe pothirira?

"Mkazi wanga!"

Sanafunikire kutembenuka. Anali Yobe Kamtedza, mmisiri wa ndowa wa ku Nafenso, mwana wa malume ake aja. Awiriwa anaphunzira tchesi pakhonde limodzi, ndipo ankatchulana mwamuna ndi mkazi monga amachitira asuweni. Yobe ndiye anali dzanja la mfumu ya Nafenso, ndipo ndiye anamugonjetsa chaka chatha.

"Mkazi wanga, ndamva kuti chaka chino mwatiphikira kale. Ife tingobwera kudzasamba m'manja."

"Choka apa, wakuba iwe. Ndowa ija unandipatsa imathirira njira yonse kupatula mbande."

"Imeneyo ndi ndowa yachitukuko. Imagawira aliyense."

Anaseka, koma Yobe atatsitsa ndowa zake n'kukhala pansi, nkhope yake inagwa.

"Usandichitire nsanje, Filesi. Nanenso andimanga. Akuluakulu athu atamva chimkuzamawu chanu anati, a Ombammanja akhale ndi komiti ife tilibe? Anapanga yawo, ya anthu makumi asanu ndi atatu. Andilembera pepala."

"Likuti chiyani?"

"Si chinsinsi. Nafenso tinalengeza, kungoti galimoto yathu inathera mafuta pachipata. Poyamba, msilikali wa mfumu nyumba ziwiri. Kachiwiri, mfumukazi ipite m'mphepete, nyumba yachinayi kuchokera kwanu. Kachitatu, gule."

"Nanga nditasuntha zina?"

"Zimenezo sanalembe. Anati a Ombammanja ndi anthu omvera."

"Iweyo ungatsate pepala dzenje ukuliona?"

Yobe anatola kamwala n'kukaponya m'ndowa.

"Ndili ndi ana asanu ndi mmodzi ndi nyumba yamalata, Filesi. Pepala likati lowa m'chitsime, ine ndimangofunsa ngati ndivule nsapato."

Pobwerera kwawo, Nankhoma anadzera m'mphepete mwa dambo. Anaima n'kuyang'ana mabedi ake asanu ndi awiri, amene anawakweza yekha ndi khasu zaka zapitazo. Munali kabichi wa eni ake, wonenepa ngati mitu ya nduna. Kumtunda, ana a Enelesi ankakumba zikhawo m'munda wouma.

Atafika anayala thabwa pakhonde nayang'ana nyumba ija ya m'mphepete, yachinayi, pomwe mfumukazi ya Yobe inalamulidwa kudzakhala. Pansi pake, pakona, panaima nsanja yake yoyera, chidole chimene chimayenda mowongoka ngati msewu. Patsogolo pa nsanjayo panali kamsilikali ka m'mphepete, kamene komiti sinakatchule n'komwe. Kamsilikali kameneka katayenda nyumba ziwiri, kakanakaima ndendende pamalo a mfumukazi ija, msewu wa nsanja uli pululu kumbuyo kwake. Osewera enieni sayamba choncho, amati n'kutaya nthawi. Koma chaka chino panalibe osewera enieni, panali mapepala awiri.

Vuto linali limodzi. Dzanja lake linali lomangidwa. Anakhala nthawi yaitali akupukuta kamsilikaliko ndi nsonga ya chitenje, mpaka anakumbukira kuti pangano la makolo limatchula zala za anthu awiri.

Tsiku la masewero, matenti anamangidwa pachulu chachikulu cha pakati pa dambo. Anthu a Ombammanja anaima kuvuma, a Nafenso kuzambwe ndi ng'oma zawo zowamba kale. Woyimbira masewero anali a Bisiyasi, mphunzitsi wopuma wochokera kudziko lachitatu, wogontha khutu limodzi. Khutu logonthalo ankalilozetsa kwa akuluakulu, ndipo n'chifukwa chake mbali zonse zinkamukhulupirira.

Zolankhula zinayamba dzuwa lili pamapewa n'kutha lili paliwombo. Nthawi yonseyo Nankhoma ankandandalika zidole zoyera, poti imeneyo ndi ntchito ya dzanja. Anaziika mowongoka ngati mizere ya fodya, chilichonse pakati penipeni pa nyumba yake. Kamsilikali ka m'mphepete kokha anakasiya katapondera mzere, katapendekera kunja ngati munthu wobwera kumowa.

A Bisiyasi analiza belu.

Apa mfumu Ndinewoyamba inadzuka. Inali italamula mwambo watsopano, woti belu likalira iziyendera zidole zake monga imayendera asilikali paperete, ojambula azijambula. Inayenda pang'onopang'ono manja ali kumbuyo, chibwano chili m'mwamba. Inadutsa nsanja yoyamba, hatchi, bishopu, n'kugwedeza mutu pa mfumukazi. Nankhoma anayang'ana pansi. Mfumu inafika kumapeto kwa mzere n'kuima. Nsidze zinakumana. Dzanja lamanja linachoka kumbuyo lokha, ngati galu wodziwa njira, ndipo chala chinakankha kamsilikali kaja n'kukaimika bwino.

"Chakhudzidwa," anatero a Bisiyasi. "Chiyende chimenecho."

A Kavomere analumpha pampando chikalata chili m'manja.

"Ayi, ayi, aphunzitsi! Mfumu imangowongola!"

"Mwati?"

"Imangowongola!"

"Oho. Yanena pepani?" A Bisiyasi anatembenuzira khutu labwino kukhamu. "Ine ndili ndi khutu limodzi, mwina zandiphonya. Alipo wamva mfumu ikunena pepani? Mboni imodzi yokha ikwanira."

Nduna makumi anayi zinayang'ana nsapato zawo. Bodza silinali lachilendo kwa iwo, ankalidya m'mawa ndi madzulo. Koma kuimirira pamaso pa mitundu iwiri n'kunena kuti mfumu yapepesa, limenelo linali bodza lotha kum'gonetsa munthu kundende. A Chitsekerere ndiwo anathetsa nkhani.

"Mfumu ya Ombammanja sinatchulepo mawu amenewo chibadwire! Wonena kuti yatchula, ndim'manga pompano!"

"Zikomo bwana, mwandithandiza," anatero a Bisiyasi. "Chiyende."

Nankhoma anagwada, nalankhula mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"A Nduna Yaikulu, ine ndine dzanja, ndilibe nzeru zanga. Pepala likuloza msilikali uyu, chala cha mfumu chaloza uyo. Nditsate chiti?"

Thukuta linatsika m'khosi mwa a Kavomere. Anayang'ana chikalata chimene chinadya mbuzi makumi atatu, anayang'ana mfumu, kenako anachipinda kanayi n'kuchilowetsa m'thumba la jekete.

"Funso lachibwana," anatero. "Chala chaona zimene pepala silinaone."

Anthu a kuvuma anaomba m'manja, poti dzina la dziko lawo silinabwere pachabe.

Panatsala chinthu chimodzi, ndipo Nankhoma ankadziwa kuti dambo lonse lapachikika pamenepo. Kamsilikali kakayenda nyumba imodzi yokha, msampha sutcheka.

"Mfumu, kayende nyumba imodzi kapena ziwiri?"

Mfumu inakwinya nkhope ngati ikuwerenga nyenyezi.

"Zambiri ndi ziti?"

"Ziwiri, Mfumu."

"Ndiye ukufunsiranji?"

Nankhoma anakankha kamsilikaliko nyumba ziwiri. Yobe anayang'ana thabwa, anayang'ana msuweni wake, n'kutulutsa mpweya m'mphuno. Anakankha msilikali wa mfumu yake nyumba ziwiri, monga mwa pepala.

"Tsopano chala chikuti chiyani, Mfumu?" anafunsa Nankhoma.

"Pitiriza mmene ndayambiramo," inatero mfumu, ikubwerera kumthunzi komwe ojambula ankaidikira.

Nankhoma anagwira msilikali wa patsogolo pa mfumu, yemwe uja wa malemu, n'kumukankha nyumba ziwiri. A Chitsekerere anatsegula pakamwa, koma posadziwa ngati chala chikufuna zimenezo kapena ayi, anatsekanso.

Yobe anatembenukira kwa nduna yake, imene inaima kumbuyo kwake ndi pepala la Nafenso. Analoza kamsilikali ka m'mphepete, analozanso nsanja yoyera imene inkadikira kumbuyo kwake. Ndunayo inayang'ana pepala, n'kugogoda ndi chikhadabo pamzere wachiwiri.

"Mkazi wanga," anatero Yobe chapansipansi, "wandikumbira mbuna pakhomo."

"Sindinakumbe ine, mwamuna wanga. Ine ndine dzanja."

"Bambo anga akanakhala moyo akanakukwapula ndi kayambidwe konyansaka."

"Akanayamba ndi iwe. Vula nsapato ulowe."

Yobe ananyamula mfumukazi yake, naiyendetsa mopingasa mpaka m'mphepete, n'kudya kamsilikali kaja. Nthawi yomweyo ng'oma za Nafenso zinayamba kulira, amayi awo n'kulowa m'bwalo ndi nthungululu, poti pepala linati kachitatu ndi gule. Nankhoma anayendetsa nsanja yake nyumba zitatu mumsewu wopanda munthu, anachotsa mfumukazi yakuda, n'kuiika pambali pa thabwa mofatsa ngati dzira.

Ng'oma zinapitirira kulira kwa kanthawi ndithu. Oyimba ng'oma nawonso anali ndi pepala.

Kuchokera apo, mapepala onse awiri anali atatha ntchito, ndipo asuweni awiriwo anasewera tchesi yeniyeni, ija ya pakhonde la malume. Yobe anamenya nkhondo ngati nkhuku ya anapiye. Anatchera misampha iwiri imene ikanakola munthu wopupuluma. Koma wopanda mfumukazi ali ngati mlimi wopanda khasu, ndipo dzuwa litapendeka, pa kusuntha kwa makumi atatu ndi kamodzi, mfumu yakuda inasowa kothawira. A Bisiyasi analiza belu. Enelesi anakhala pansi m'matope n'kuyamba kulira, ana ake akumuyang'ana modabwa.

Mawa lake ku Indebwana kunali chikondwerero. A Kavomere analankhula maola awiri za Kayambidwe ka Chala, kamene mfumu inakabisa mumtima mwake ngakhale kwa nduna zake, pofuna kusokoneza adani. Masomphenya aja, iwo anati, anali nyambo chabe, ndipo komiti inkadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Analengeza kuti pamphambano ya likulu padzamangidwa chipilala cha chala, chotalika kuposa mtengo wa mbawa. Analengezanso kuti mwambi uja wakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe waletsedwa m'dziko lonse, poti zaoneka poyera kuti chimaswa.

Kutsidya nakonso sanagone. Yobe anamuveka mendulo ya kumvera, ndipo komiti yawo inapeza kuti pepala linali lolondola, olakwa anali a Ombammanja amene sanasunge mawu awo.

Nankhoma anaitanidwa kumapeto, mipando ikupakulidwa. Anagwada pamalo ake akale pafupi ndi khomo.

"Mayi iwe," inatero mfumu, ikuyang'ana chala chake mbali zonse, "ine ndinapambana pa kusuntha koyamba. Aliyense anaona. Iwe unangochedwetsa nkhani ndi kusuntha kwina makumi atatu, mpaka chakudya cha alendo kuzizira."

"Ndi choncho, Mfumu."

"Ndaganiza. Munthu wokhala ndi chala chotere abwerekerenji dzanja? Kuyambira chaka chamawa ndizisewera ndekha."

Nduna zinaomba m'manja. Nankhoma anadikira kuti zimalize.

"Chaka chamawa ndife akuda, Mfumu. Oyamba kusuntha adzakhala iwo."

Mfumu inatembenukira kwa a Kavomere.

"Zimenezo komiti iona," anatero a Kavomere.

Anamupatsa zitenje ziwiri zotsala za NYUMBA IMODZI, KENAKO ZIWIRI, n'kumuuza kuti dziko silidzamuiwala. Pofika pachipata, mlonda anamufunsa kuti ndi ndani ndipo amafuna chiyani.

Sabata yomweyo anthu a Ombammanja anatsikira m'Chinyontho ndi makasu. Nankhoma anali m'bedi lake lachitatu, matope ali m'maondo, pamene Enelesi anatulukira akukankha wilibala yodzaza ana a nthochi ndi mapesi a nzimbe.

"ANankhoma, taonani! Ndapempha kwa alamu anga. Nthochi ndiika m'malire monsemu, nzimbe kumunsi uko. Ana azidzangothyola."

Nankhoma anaweramuka, nagwira m'chiuno.

"Nthochi imabereka pakapita nthawi yaitali bwanji, anzanga?"

"Chaka ndi miyezi ingapo."

"Nzimbe?"

"Chaka."

"Bwezani kumudzi, mukadzale kuseri kwa bafa. Muno dzalani mpiru, nyemba, chimanga chocha msanga. Chilichonse chimene mungadye mfumu isanakhale pathabwa."

Enelesi anatula wilibala pansi. Nkhani ya kulikulu anali ataimva, koma ankaiyesa nthabwala za pamsika.

"Mwina iphunzira," anatero mopanda mphamvu. "Chaka n'chachitali."

"Mwina. Ndamva kuti dzulo inayala zidole, n'kufunsa chifukwa chake zakuda sizigwada."

Enelesi anayang'ana nthochi zake, anayang'ana dothi lakuda lonyowa limene linkatuluka m'zala za kumapazi. Kenako analoza mulu wa ndowe umene ana ake anatuta m'mawa.

"Nanga manyowa tithire ochuluka bwanji?"

Nankhoma anali atawerama kale, akubaya timaenje ta mbande ndi kamtengo.

"Thirani a chaka chimodzi," anatero. "A ku Nafenso ali ndi ng'ombe zawo."